Fumbi Lachikasu M'nyumba ya Dzimbiri

Ana inu, khalani pansi ndikuuzeni za Dzimbiri, mlimi wa kuchigwa amene anazunguzika mutu zaka zitatu akufunafuna mdani wosaoneka.

Dzimbiri anakwatira mkazi dzina lake Nachisale, wochokera kuphiri kumene anthu ankalima chinangwa ndi mbatata zokha. Anamutenga chitengwa, atalonjeza amalume ake a mkaziyo, a Msosa, kuti mwana wawo sadzavutika. Pofuna kusunga lonjezolo analima chimanga kuzungulira nyumba mpaka kukhudza khonde, kuti mkazi wake akafuna chowotcha azingotambasula dzanja.

Miyezi yoyamba anakhala bwino. Koma chimanga chitangomasula ngayaye, Nachisale anayamba kuyetsemula. Maso anafiira ndi kuyabwa, misozi imvekere chuchuchu ngati ali pamaliro, ndipo masiku ena chifuwa chinkamubanikitsa mpaka kulephera kusinja. Dzimbiri anati ndi chimfine, nam'phikira masamba a mandimu. Chimfinecho sichinamve. Chinadzachoka chokha chimanga chitakhwima.

Chaka chachiwiri zinabweranso, nthawi yomweyo. Apa Dzimbiri anayamba kusokonezeka. Iye ankadya mbale imodzi ndi mkazi wake, kumwa madzi a mumtsuko umodzi, kufunda gombeza limodzi, koma sankamva kanthu. Wina anamuuza kuti vuto ndi utsi, iye anamanga khitchini kutali. Wina anati ndi nkhuku zogona m'nyumba, iye anazimangira khola. Anapita kwa sing'anga, amene anam'patsa mizu yofukiza. Atafukiza, Nachisale anatsokomola kuposa kale. Chomwe chinkamuzunguza kwambiri n'chakuti mkaziyo akapita kwawo kuphiri, pakangotha masiku awiri ankachira n'kumaseka, koma akabwerera, asanatule n'komwe mtolo, kuyetsemula kuja kwayambanso.

Anthu anayamba kunong'onezana kuti nyumba ya Dzimbiri ili ndi kanthu. Ena ankaloza mlongo wake, amene ankakonda kubwera kudzacheza. Dzimbiri naye anafika pomuyang'ana mlongo wakeyo ndi diso lina, ngakhale mumtima ankachita manyazi. M'mawa uliwonse ankazungulira nyumba kufuna mapazi achilendo, ankasuzumira kudenga, anafukula ngakhale pakhomo, koma sanapeze chilichonse.

Chaka chachitatu a Msosa anatsika phiri okha. Anafika m'mawa dzuwa litakwera pang'ono, napeza mdzukulu wawo atatsamira khoma, akupuma movutika. Sanachulutse mawu. Anati mwana wawo sanabwere kuchigwa kudzafa, ndipo ngati mwamuna sakudziwa chimene chili m'nyumba mwake, mkazi abwerera kwawo tsiku lomwelo, osadzabweranso.

"Malume, ndafunafuna paliponse," anatero Dzimbiri. "Ndiuzeni koyang'ana, ndikayang'ana."

A Msosa anangoti amange katundu.

Dzimbiri anatuluka nakaanula gombeza la mkazi wake pampanda wa m'mbali mwa chimanga, pomwe ankaliyanika tsiku lililonse. Analowa nalo m'nyumba, nalikutumula kuti alipinde. Nthawi imeneyo dzuwa linali litalowa pazenera, ndipo m'kuwala kwakeko munabuka kafumbi kachikasu, kosalala ngati ufa wosefa, kakuyandama pang'onopang'ono. Pomwepo Nachisale anayetsemula kasanu motsatizana.

Dzimbiri anaima chilili, gombeza lili m'manja. Anayang'ana mapewa ake, poti anali atachokera kumunda: achikasu. Anapititsa chala pazenera: chachikasu. Anasuzumira panja naona kamphepo kakugwedeza ngayaye, fumbi lomwelo likuwuluka kulunjika m'nyumba.

"A Nachisale," anatero motsitsa mawu, "kodi kwanu kuphiri chimanga chimamera pafupi ndi nyumba?"

"Ayi bambo, kwathu kulibe n'komwe," anayankha mkaziyo akupukuta maso.

Dzimbiri sanamvetse kuti mungu wa chimanga, chakudya chomwe, ungadwalitse bwanji munthu mmodzi n'kusiya mnzake. Komabe anapempha a Msosa kuti am'patse masiku asanu okha, ndipo iwo anavomera kudikira. Anatenga chikwanje nagwetsa mizere yonse ya pafupi ndi nyumba, chimanga chisanabereke, anthu akum'penya ngati wapenga. Zenera la kumunda analitseka ndi nsalu yonyowa. Zofunda anazichapa n'kumaziyanika kukhitchini, kumene mphepo ya kumunda sinkafika. Posesa ankayamba wawaza madzi kuti fumbi lisabuke, ndipo akachokera kumunda ankasamba ndi kusintha malaya asanalowe m'nyumba.

Pofika tsiku lachinayi Nachisale anagwira musi n'kuyamba kusinja. Ankayetsemulabe mwa apo ndi apo, koma chifuwa chinali chitamasuka. Madzulo ake Dzimbiri anapita kwa mlongo wake ndi nkhuku, osanena kuti ndi ya chiyani.

Potsanzika, a Msosa anamufunsa kuti zinatheka bwanji kukhala zaka zitatu osaona chinthu chimene chinali pamapewa pake.

"Malume, ine ndinkadikira mdani wa mapazi ndi phokoso," anatero Dzimbiri. "Koma chakudza sichiyimba ng'oma."

Masiku amenewo, ana inu, mkango ukalowa m'mudzi kapena moto ukabuka, anthu ankachenjezana ndi ng'oma. N'chifukwa chake mawuwa anawalowa a Msosa, ndipo anakawabwereza kuphiri mpaka anasanduka mwambi.

Tsono mukamva akulu akuti "chakudza sichiyimba ng'oma," akutanthauza kuti vuto silitumiza mthenga. Limafika mwakachetechete, nthawi zina litakwera pa chinthu chomwe mumachikonda. Choncho munthu azikhala maso ndi wokonzeka masiku onse, ndipo asanaloze chala m'bale wake, ayambe wayang'ana zimene iye mwini akulowa nazo pakhomo.