Mtima wa Namzeze

M'nyumba mwa Namzeze munali nsapato zambiri kuposa mbale. Zina zinkauma pakhonde, zina zinali pansi pa bedi, zina zitatheratu kuphazi koma mwini wake osalola kuti zitayidwe. Dzina lakuti Namzeze anamupatsa ndi anthu oonerera mipikisano, chifukwa akamathamanga mtunda wautali ankaoneka ngati sakuponda pansi. Anzake akamafika kumapeto malilime ali kunja, iye ankafika n'kumafunsa ngati madzi akumwa ndi ozizira. Mwamuna wake, makaniko wa galimoto, ankakonda kuuza anzake kuti anakwatira mkazi woti ukamulakwira sungamuthawe.

Chaka chilichonse, gulu la akatswiri limene Namzeze ankathamangira linkatumiza othamanga onse kukapimidwa mtima. Chaka chimenecho, tsiku lopimidwa linafika iye atangodzuka kumene pa chimfine choopsa chimene chinamugoneka thupi likutentha ngati mbaula. Anali atayambiranso kuthamanga chifuwa chisanathe n'komwe. Kuchipatala anamugoneka pa kabedi n'kumumata timawaya pachifuwa, m'mikono ndi m'miyendo. Makina atajambula mizere yokwera ndi yotsika, dokotala anaiyang'anitsitsa nthawi yaitali, kenako anavula magalasi.

"Mayi, mwadwalapo posachedwapa?"

"Kachimfine chabe, adokotala. Kanatha."

"Mitima ya anthu othamanga ngati inu imakula ndipo imagunda modekha, zimenezo sizitidabwitsa," anatero dokotala. "Koma apa pali kena kake kosiyana ndi chaka chatha. Nthawi zina kachilombo ka chimfine kamafika pa mnofu wa mtima n'kuutupitsa. Ndikufuna mubwerenso tidzaujambule mtimawu, tione mmene ukugwirira ntchito. Pakadali pano, miyendo ipume."

"Ipume mpaka liti?"

"Tikaujambula m'pamene ndidzakuuzeni. Mwina milungu, mwina miyezi."

Miyezi yoti apume Namzeze analibe. Kutsogoloku kunali mpikisano waukulu wosankhira anthu okaimira dziko kunja, ndipo zaka zake sizinalinso za munthu woti anganene kuti ndidzayesanso ulendo wina. Anavala juzi yake, n'kunena mwaulemu kuti abwera sabata yamawa.

Madzulo kubwalo, kochi wake anamufunsa mmene zayendera.

"Ati pali kakang'ono koti adzaonenso, akochi. Si nkhani."

"Ndiye upite msanga, usachedwe."

"Ndipita."

Kochiyo maso anali kale pa wotchi yake, ndipo nkhani inathera pomwepo. Sabata yamawa itafika, Namzeze anati ino ndi sabata yothamanga m'mapiri, sangaidumphe. Inayo anati mwana wawo akulemba mayeso. Namwino wa kuchipatala ataimba foni, anaiyang'ana ikulira mpaka inatopa yokha. Sanali kukana kupita. Mumtima mwake ankadziwa kuti adzapita ndithu, kungoti tsiku lake linkakhala lili kutsogolo nthawi zonse.

Mtimawo sunakhale chete. Tsiku lina akukwera chitunda anamva ngati m'chifuwa mwalowa kambalame kakukupiza mapiko. Anaima, n'kunamizira kumanga chingwe cha nsapato mpaka zitadutsa. Tsiku lina mwamuna wake pobwera ku galaja anamupeza atakhala pa masitepe a nyumba, dzanja lili pachifuwa, milomo itatuwa.

"Amake mwana, chikuchitika n'chiyani?"

"Kutopa chabe."

Mwamunayo anakhala pambali pake akupukuta girisi m'manja. Nkhani ya dokotala anali ataimva, ngakhale anaimva itadulidwa mutu ndi mchira.

"Pali madalaivala ena," anatero, "injini ikayamba kaphokoso, iwo amakweza wailesi kuti asakamve. Amenewo ndi amene amandipeza galimoto ikukokedwa ndi chingwe."

"Ine si galimoto, bambo ake mwana."

"Ndikudziwa. Galimoto ndimatha kuigulira injini ina. Mawa nditseke galaja ndikuperekezeni."

"Ndikapita mawa akandiletsa kuthamanga, inu mukudziwa. Mpikisano ukangotha, m'mawa mwake ndikakhala woyamba pamzere. Ndalonjeza."

Mwamunayo anayang'ana manja ake. Anali ataona mkazi wake akudzuka kusanache zaka zonsezi, mvula kaya dzuwa, zikhadabo za kuphazi zikuthothoka n'kumeranso. Kumulanda mpikisano umenewu kunamuonekera ngati kulanda munthu chakudya chili kale pakamwa. Anangopumira m'mwamba n'kulowa m'nyumba.

Tsiku la mpikisano kunacha bwino, kopanda mphepo. Namzeze ananyamuka ndi gulu lakutsogolo, ndipo atadutsa theka la mtunda anayamba kuwasiya mmodzimmodzi. Miyendo inali yopepuka. M'mbali mwa msewu anthu ankaitana dzina lake, ena akuthamanga pang'ono kumutsatira n'kutsalira. Atakhota kulowa mumsewu womaliza, anaona patsogolo nsalu yakumapeto itatambasulidwa, ndipo kumbuyo kwake kunalibe mgugu wa munthu aliyense.

Pamenepo m'pamene kambalame kaja kanadzuka, koma ulendo uno sikanatere. M'chifuwa munagunda mosokonekera, mpweya unakana kulowa, ndipo mdima unayamba kudya msewu kuchokera m'mbali. Mawondo anapinda okha. Anayesa kudzuka, miyendo inamukana ngati ya eni ake. Ndiye anayamba kukwawa. Manja ndi mawondo zinkasupuka pa phula lotentha, maso ali pa nsalu ija. Amene anawasiya aja anayamba kumudutsa, woyamba, wachiwiri, ena osawerengeka. Anakwawa mpaka mikono inagonja, n'kugwa chafufumimba asanafike pa nsalu ija.

Zotsatira anachita kuuzidwa. Anthu a ambulansi anamutembenuza n'kuyamba kumudina pachifuwa mosalekeza, kenako anamuika makina odzutsa mtima ndi magetsi. Mwamuna wake, amene anali atadumpha chingwe chotchingira anthu, anagwada pamsewu atagwira phazi la mkazi wake, poti pena pogwira panalibe. Mtima unabwerera m'malo mwake ambulansi isananyamuke.

Atapezako mphamvu, anamukankha pa njinga ya odwala kupita kuchipinda chojambulira mtima. Chinali choyandikana ndi pamene anamumata timawaya paja. Anamupaka mafuta ozizira pachifuwa, n'kuyendetsapo kachipangizo uku ndi uku, mtima wake ukuoneka pa kanema ukutseguka ndi kutseka. Posakhalitsa namwino anamupatsa kansalu kopukutira.

"Basi, mwamaliza?" anafunsa Namzeze.

"Kuno tamaliza, mayi."

Namzeze anayang'ana kudenga, misozi n'kutsikira m'makutu. Chinthu chimene anachithawa nthawi yonseyi chinatha msanga kuposa mmene ankathera kutenthetsa thupi asanathamange.

Atamupimanso ndi makina ena, dokotala yemwe uja anabwera kudzakhala pambali pa bedi. Sanakalipe, komanso sanakometse mawu.

"Mnofu wa mtima unatupadi. Mukanaupumitsa miyezi ingapo, mwina ukanachira. Ambiri amachira n'kubwereranso pamsewu. Koma bala lomalikanda tsiku ndi tsiku limasiya chipsera, ndipo chipsera chimenecho ndicho chikusokoneza kagundidwe. Tikuikirani kachipangizo pansi pa khungu, apa pamwamba pa chifuwa, koti kazidzutsa mtima ukasokonekeranso."

"Nanga kuthamanga?"

"Kuyenda muziyenda, ndipo ndikukulimbikitsani. Za mipikisano ndiye zatha."

Kochi anabwera kudzamuona atanyamula zipatso, n'kuima kumiyendo kwa bedi chipewa chili m'manja. Anati akanafunsitsa tsiku lija. Namzeze anapukusa mutu n'kumuuza kuti munthu wofunsa amamva zimene wayankhidwa, ndipo woyankhayo anali iye.

Tsiku lotuluka m'chipatala, basi inawatsitsa pamphambano ya kufupi ndi kwawo. Kuchokera pamenepo kukafika kunyumba n'kamtunda koti mwana amatumidwa mchere n'kubwera mphika usanawire. Namzeze anapuma kawiri panjira, atatsamira mpanda wa eni ake. Mwamuna wake anaima naye chikwama chili paphewa, akuyang'ana kumbali ngati akuwerenga zikwangwani, ndipo mawu akuti ndinanena ine sanatuluke pakamwa pake. Mwana wawo atawaona patali anathamanga kudzawachingamira, koma atayandikira anabweza liwiro, n'kugwira dzanja la mayi ake, onse atatu n'kumayenda pang'onopang'ono.

Moyo anaupulumutsa, ndipo amayamika. Koma chimene ankachiteteza pozengereza chija n'chimene chinamupulumuka m'manja. Miyezi yochepa imene anaiumira inamudyera zaka zonse zimene zikanatsala m'miyendo yake. Akuluakulu sananame pamene anati zengerezu adalinda kwawukwawu.