Duwa Imene Che Lajabu Anadzapempha

Anthu atangomaliza swala ya Aswiri, pemphero la chakumadzulo, pamzikiti wathu wa ku Machinjiri, Che Lajabu anatsalira. Anadikira kuti onse atuluke, kenaka anakakhala pamkeka pafupi ndi Shehe Twaibu Kalonje, amene ankaphunzitsa pamzikitipo. Nkhaniyi anandisimbira ndi Che Lajabu eni ake, ndipo anandilola kuifotokoza.

Che Lajabu anali munthu wodziwika. Anali ndi lole yonyamula katundu, ndipo nyumba yawo ya mpanda wa njerwa anaimanga ndi ngongole ya kubanki, nyumba yomweyo n'kukhala chikole. Tsiku la Idi amphawi ankadya kwawo. Koma loleyo inagubuduzika nthawi ya mvula, ntchito inaima, ndipo miyezi inayamba kudutsa osabweza kanthu kubanki.

"Shehe, ndabwera ndi pempho," anatero motsitsa mawu.

"Nenani, Che Lajabu. Ngati lili m'manja mwanga, ndichita."

"A banki akufuna kundilanda nyumba. Akuti ndikapanda kuonekera atumiza masherifu, aigulitse. Ndikupempha mundichitire duwa, pemphero lamphamvu, kuti Allah awaiwalitse dzina langa anthu amenewa."

Shehe anali nkhalamba yosathamangira mawu.

"Mwalankhula nawo?"

"Akaimba foni sindiyankha. Ndikawauza chiyani? Ine sindinapemphepo chifundo kwa munthu."

"Nanga mayi a kunyumba, Abiti Msusa, akudziwa?"

Che Lajabu anayang'ana pansi. "Iwo akudziwa kuti zinthu zavuta. Za nyumba sindinawauze. M'mawa ndimatuluka ngati ndikupita kuntchito, ndimangokakhala ku Limbe mpaka madzulo." Kenaka anafunsa kuti, "Kapena Allah akundilanga, Shehe, chifukwa ndinatenga ngongole ya chiwongoladzanja? Inu munatichenjezapo pa Lachisanu. Ndinamva, koma ndinapitabe."

"Chimenecho mukuchidziwa kale, sindikuonjezerani katundu," anatero Shehe. "Lapani, ndipo khomo la kulapa silitsekedwa. Ngati ndi chilango kapena mayeso, ine sindikudziwa, sindinauzidwe. Chimene ndikudziwa ndi ichi: ndalamazo munalandira, ndipo munalonjeza kubweza. Ndingaimike bwanji manja kupempha Allah kuti mwini ngongole aiwale? Duwa imeneyo sindingachite."

Nkhope ya Che Lajabu inasintha. "Ndiye ndabwera pachabe."

"Ayi, simunabwere pachabe. Ndikupemphererani kuti Allah akulimbitseni mtima, afewetsenso mitima ya amene mukakumane nawo. Koma miyendo ndi yanu. Lero mukawauze mayi, chifukwa denga likagwa siligwera mwamuna yekha. Mawa mukapite kubanki musanaitanidwenso. Mukanene zoona: chimene chinachitika, chimene muli nacho, ndi chimene mungathe kubweza pamwezi. Musakalonjeze chimene mulibe pofuna kuoneka bwino. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, Che Lajabu."

"Akakandinyoza?"

"Mukabwere mudzandiuze. Tidzakhala pansi n'kuganizanso."

Atatero anaimika manja, ndipo anapemphera limodzi.

Che Lajabu akuti ulendo wa kunyumba tsiku limenelo unatalika kuposa maulendo onse amene anayendapo ndi lole. Atawauza akazi awo, Abiti Msusa analira. Atatonthola anati, "Ine ndinadziwa kale kuti chilipo chikukudyani. Chimene chinkandipweteka chinali choti mukuchisenza nokha ngati mulibe mkazi." M'mawa mwake anavala, n'kuwaperekeza mpaka pakhomo la banki.

Patapita masiku, Che Lajabu anabweranso kumzikiti. Shehe anali pakhonde akusoka nsapato yawo yomwe inaduka lamba.

"Assalamu alaikum, Shehe."

"Wa alaikum salaam. Khalani. Mwayenda bwanji?"

"Sanandinyoze. Mayi amene anandilandira anandifunsa chifukwa chimene ndinachedwera, akuti ndikanabwera kale zinthu sizikanafika apa. Avomera kuimitsa zogulitsa nyumba ndikapereka gawo la zimene ndinatsalira, ndipo zotsalazo azitambasula kuti ndizibweza pang'onopang'ono."

"Alhamdulillah. Nanga bwanji nkhope ikadali yakugwa?"

"Chifukwa njira yake ndi yowawa. Kuti ndipeze gawolo ndiyenera kugulitsa galimoto yanga yaing'ono. Kuti ndizibweza mwezi ndi mwezi, mayi a kunyumba akuti tiike munthu wa lendi m'nyumba yaikulu, ife ndi ana tisamukire m'kanyumba ka kuseri, kamene ndinamangira wantchito. Tawerengera, ndipo zikukwana."

"Ndiye chavuta n'chiyani?"

Che Lajabu anaweramira kutsogolo. "Shehe, inu mukundidziwa. Anthu ankaima ndikamadutsa. Lero ndiziyenda wapansi, ndizidutsa pakhonde langa pali mlendo atatambalala, ine n'kumazungulira kuseri ngati wopempha madzi? Kanyumbako khomo lake n'lalifupi, munthu wa msinkhu wanga salowa osawerama. Anthu a m'dera lino adzati chiyani? Mwina kuli bwino angoilanda, ndithawire kwathu ku Namwera kumene sakandiona."

Shehe anaika nsapato ija pansi. Anawayang'ana Che Lajabu mwachifundo.

"Anthu adzalankhula, sindikunamizani. Adzalankhula sabata imodzi, kenaka adzapeza nkhani ina. Koma masherifu akadzabwera kudzatulutsa mipando, anthu omwewo adzaima pamsewu kuonerera, ndipo palibe amene adzawapatse ana anu pogona. Kuseriko mudzakhala mukugona pamalo anu, ana osasiya sukulu, ngongole ikuchepa, ndipo tsiku lina, Allah akalola, mudzabwerera m'nyumba yaikulu mulibe mangawa ndi munthu."

"Koma kuwerama, Shehe..."

"Che Lajabu, ine ndakhala ndikukuonani mumzikiti muno zaka zambiri. Kasanu patsiku mumagunditsa chipumi chanu pansi, pamene aponda anzanu, ndipo sindinaonepo mukudzuka mutachepa. Munthu amene anaphunzira kuwerama pamaso pa Mlengi wake, khomo lalifupi silingamukanike. Pitani mukawerame, mulowe. Ana anu ali m'katimo."