Njinga Imene Delfina Sadasankhe

Pakhomo pa a Cipriano, kutsidya kwa mtsinje moyang'anana ndi vila ya Tsangano, woyamba kudzuka adali mkazi wawo, Delfina. Nkhuku zisanatsike m'chitupa iye amakhala atasesa kale, atatereka madzi, namanga chitenje chake n'kuuyamba ulendo wa kuchipatala, kumene ankagwira ntchito yokolopa m'zipinda odwala asanayambe kulowa. Mtunda wake sudali wautali kwenikweni, koma njira ya kumeneko sidziwa kugona pansi. Umatsika mtsetse wautali mpaka pamtsinje, kenaka n'kukwera chitunda chimene ngakhale chapa, minibasi ya kumeneko, imachikwera ikutsokomola.

Chaka chimenecho kachewere adabereka bwino. Cipriano, munthu wa mawu ochepa koma wa maso oona, adakhala nthawi yaitali akupenya zidendene za mkazi wake zitang'ambika ndi mame ndi chisanu cha kumapiri. Atagulitsa matumba omaliza adati, "Mayi a Nilza, kuyenda pansi kwakwana. Ndikugulirani njinga. Mukufuna yotani?"

Delfina adali nayo kale mumtima. Pamsika wa pavila padali njinga ina ya kaunjika, yobiriwira, yopanda mtanda pakati, yokhala ndi magiya ndi kadengu kutsogolo. Tsiku lina poweruka adaigwirako mahandulo, naona kuti chishalo chake chikumulekeza m'chiuno. Koma iye adaleredwa m'nyumba momwe mphatso sailoza ndi chala. Ankadziwanso kuti mwamuna wake wasiya malata amene amawalota zaka zonsezi kuti agule njingayo. Tsono n'kuyambanso kutchula magiya ndi kadengu? Adaweramitsa nkhope.

"Inu ndi amene mumadziwa za njinga, bambo a Nilza. Imene muione kuti ndi yabwino."

Ndipo zoona, Cipriano ankadziwa njinga. Koma ankaidziwa monga aidziwira amuna a ku Tsangano, amene njinga amaiyesa ndi matumba a kachewere. Kwa iwo njinga yeniyeni ndi yakuda, yaitali, ya mitanda iwiri pakati pomwe amalowetsapo thumba, keliyala yake yowotcherera ndi zitsulo za nyumba. Pachitunda palibe amene amaikwera, amangoikankha, ndipo pamtsetse amairondola ataigwira ngati ng'ombe yolusa. Za magiya amati ndi zidole za ana a m'tauni. Choncho adasankha yolimba kuposa zonse, nabwera nayo akuliza belu kuyambira kumtsinje. Delfina adagwada, nawomba m'manja, nathokoza. Anansi adabwera kudzaigogoda ndi zala, navomereza kuti Cipriano wagula chitsulo cha zidzukulu.

Mavuto adayamba m'mawa mwake. Atakhala pachishalo, zala za kumapazi sizidafike pansi. Kuti akwere ankafunika mwala kapena chitsa, ndipo mwendo kuti udumphe mtanda, chitenje chinkayenera kukwera kufika pamene mayi wa ana sangalole pamsewu. Pamtsetse njingayo inkathamanga ndi kulemera kwake komwe, mabuleki akungolira osagwira, moti ankatsika n'kumayenda nayo. Pachitunda ankaikankha thukuta lili kamukamu. Kale ankanyamula thupi lake lokha, tsopano adali kunyamulanso chitsulo. Amene adagulidwira njinga kuti azifika msanga adayamba kufika dzuwa litakwera, odwala atandanda kale pakhonde pansi pasanakolopedwe.

Adapeza nzeru yobisa. Ankachoka pakhomo akuikankha ngati akufuna malo abwino okwerera, akakhota n'kukaisiya kwa mlamu wake Palmira, mlongo wa Cipriano, amene nyumba yake idali pamwamba pa mtsetsewo. Madzulo ankaitenga n'kulowa nayo pakhomo akuliza belu.

"Mlamu, bulu wanuyu ndiyambe kum'patsa gaga?" adatero Palmira tsiku lina. "Amangogona kuseri kwa nkhokwe, ntchito sagwira."

"Musaseke, mlamu. Achimwene anu asamve."

"Nanga amva bwanji inu muli duu? Auzeni kuti njingayi ndi ya kachewere, inu sindinu kachewere."

"Munthu wasiya malata chifukwa cha ine. Ndikamuuze kuti walakwitsa? Ndizolowera."

Koma kupatukira kwa Palmira kunkadyanso nthawi, ndipo mvula itayamba njira idasanduka phala. Namwino wamkulu, a Iolanda, adamuitanira pambali. Sadali mayi wankhanza, koma naye adali ndi omuyang'anira.

"Mana Delfina, ntchito yanu ndilibe nayo chifukwa. Koma chipinda chochilira sichingadikire dzuwa. Kunja kuno alipo ambiri amene akufunsa malo anuwa. Mukachedwanso, ine pakamwa pandithera."

Mawu amenewo adamutsata ngati chithunzithunzi chake. Malipiro a kuchipatala ndiwo ankasunga Nilza pasukulu, ndiwo ankagula mchere ndi sopo miyezi imene m'munda mulibe chogulitsa. M'mawa wina kudacha ndi mvula yowaza, nkhuni zidakana kuyaka, ndipo pofika pa Palmira adaona kuti wapansi safika. Adakwera pachitsa, nakhala pachishalo, naulunjika mtsetse.

Poyamba zidayenda. Kenaka njinga idayamba kudzilamulira yokha. Adafinya mabuleki, matope adawaseka. Pafupi ndi mtsinje adafuna kudumpha, monga akadachitira panjinga yopanda mtanda, koma chitenje chidakola pachitsulo, mwendo udatsala uko, ndipo adagwera limodzi ndi njingayo m'miyala ya m'mbali mwa msewu. Tsiku limenelo adafikadi kuchipatala, koma adalowera khomo la odwala, atanyamulidwa panjinga yamoto ya munthu wodutsa.

Dzanja silidathyoke, lidangobinya, ndipo bondo adalisoka. A Iolanda pomanga bandeji adati, "Malo anu ndikusungirani mpaka dzanjali litachira. Kupitirira apo musandipemphe zimene sindingathe."

Cipriano adafika ali wefuwefu, matope mpaka m'mawondo. Ataona kuti mkazi wake ali moyo adakhala pabenchi, nayamba kulankhula mofulumira ngati munthu wodziimba mlandu.

"Ndi mabuleki. Ndidayenera kuwamanga mvula isanayambe. Lero lomwe ndikaika mphira zatsopano, mukachira muipeza ili bwino."

Apo Delfina adaona kuti akakhalanso chete, mwamuna wake akonza mabuleki ndi mtima wake wonse, n'kumubwezera pamtsetse womwewo. Adayang'ana bandeji, nati motsitsa mawu, "Bambo a Nilza, njinga ija ndi yabwino, koma si yanga. Mapazi anga safika pansi. Chitenje chimakola pamtanda. Masiku onsewa imaswera kwa mlamu, ndaikweranso lero lokha."

Nkhope ya Cipriano idagwa ngati chimanga chowombedwa ndi matalala.

"Kodi sindidakufunseni?"

"Mudandifunsa."

"Ine pamtsetse paja ndimadutsa ndi matumba, sindidutsa ndi chitenje. Ndikadadziwa bwanji? Ndinkamva belu madzulo, ine n'kumati mkazi wanga akukondwa."

Sadakalipe. Adangotenga chipewa chake napita kukazula njinga m'miyala, ndipo masiku angapo pakhomopo mawu adali ogula. Delfina adaona kuti chimene chidamupweteka mwamunayo si njinga, koma belu lija.

Dzanja litayamba kugwira, Cipriano adagulitsa njinga yakuda kwa mnzake wonyamula kachewere, amene adailandira ngati mkwatibwi ngakhale idapindika handulo. Loweruka adapita onse awiri kumsika. Yobiriwira ija adaipeza itagulidwa kale. Padatsala ina ya mtundu womwewo, yakale, penti itasuluka, kadengu kake kali kophwanyika mbali imodzi.

Wogulitsa adalunjika kwa Cipriano. "Patrão, onani iyi yamtanda, yangofika kumene."

"Musandionetse ine," adayankha Cipriano. "Wokwera ndi uyu."

Delfina adakhala pachishalo, mapazi onse awiri ali pansi. Adapempha kuti akaiyese pachitunda cha kuseri kwa msika, osati pabwalo posalala. Adakwera pang'onopang'ono akusintha magiya, chitenje chili m'malo mwake, natembenuka pamwamba, natsika akufinya mabuleki, naima pamapazi pa mwamuna wake penipeni. Adauza wogulitsa kuti asinthe mphira za kumbuyo ndipo atsitseko chishalo pang'ono.

Lolemba lotsatira, a Iolanda pofika adapeza pansi pakuuma kale, njinga yosuluka itatsamira khoma. Chipsera cha pabondo chidatsala, ndipo malata adadikira chaka china. Palmira mpaka lero amafunsa za bulu wake. Koma Cipriano akamva anzake akutsutsana za njinga yoyenera kugulira mkazi, amangoti akafunse mwini miyendo, ndipo mwini miyendoyo ayankhe. Pakuti ngakhale wokukonda agone pambali pako, sangamve chimene chikukupotokola. Akulu adanena kale kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.