Gologolo Aphunzitsa za Tsiku la Pachitsime

Kanani ngati mukufuna, koma mkuyu wake ndinauona ndi maso angawa, ndipo zikhadabo za Gologolo zikadalipo pakhungwa.

Kale nyama zazikulu zinkamwa pachitsime cha madzi oyera, zazing'ono n'kumamwa matope kunsi kwa dambo. Tsiku lina zazing'ono zinatopa nazo. Zinakakhala pansi panjira ya kuchitsime, osatukwana, osaluma, kungokana kusuntha basi. Njati anaziponda, Mayi Nkhwali anathyoka mwendo, koma sizinachoke mpaka chitsime chinakhala cha aliyense. Chiyambire pamenepo, tsikulo likafika chaka chilichonse, nyama zonse zimakachotsa matope m'chitsimemo ndi kulambula njira. Wotsogolera ntchito anali Njati yemweyo.

Tsono Gologolo ndi khasu sankamwerana madzi. Chaka china anati dzino. China anati maliro kwa apongozi. Chachitatu Njati anamugwira mchira.

"Lero ukumba, mphwanga."

"Achimwene, ana awa akukula osadziwa chomwe timakumbira. Bwanji ndikawaphunzitse pamthunzi apo? Si ntchitonso imeneyo?"

Njati anaganiza, n'kumusiya.

Ana anakhala pansi pa mkuyu, aliyense atafumbata timtedza take. "Mphunzitsi salankhula ndi njala," anatero Gologolo, natolera tonse.

"Tsiku limenelo, ana inu, kutsogolo kunali ine. Mukuuona mchirawu mmene unapindikira? Chiboda cha Njati chimenecho."

"Simunaope, aphunzitsi?" anafunsa mwana wa Mende.

"Kuopa? Ndinkachita kuyasamula."

Anawo zinawakomera. "Tichite sewero!" Anathamanga kukakoka Njati kuchitsime. "Agogo, bwerani ngati tsiku lija. Aphunzitsi akhala kutsogolo."

Njati anaweramitsa mutu. "Zimenezo sindifuna kuzikumbuka."

Mayi Nkhwali anafika akutsimphina, matope mpaka m'mapiko. "Bwerani, a Njati. Ana aone mmene zinalili."

"Ine ndikhale kumbuyo, ndizikonza zolakwika," anatero Gologolo.

"Ayi, kutsogolo!"

"Dikirani ndikapatuke kaye kuthengo."

"Mukapatuka tikatha!"

Anamukhazika pakati panjira, ana kumbuyo kwake, Mayi Nkhwali pakati pawo. Njati anayamba kubwera. Gu. Gu. Gologolo anaponya diso kumkuyu. Gu. Gu. Fumbi linafika m'mphuno. Gu! Mphunzitsi uja pyoo, m'mkuyu.

Ana sanasunthe. Ankanjenjemera, koma anaona Mayi Nkhwali ali phee, iwonso anakhala phee. Njati anaima patsogolo pawo, n'kuyang'ana m'mwamba.

"Nthambi yomweyo," anatero motsitsa mawu. "Tsiku lijanso unali pomwepo, ukudya mtedza wa anzako amene ndinkawaponda."

Palibe anaseka. Kukanakhala kusekedwa, Gologolo akanaseka nawo. Koma maso a ana onse anali pa iye.

"Aphunzitsi, nanga mchira?" anafunsa mwana wa Mende.

"Ndinabadwa nawo choncho," anayankha Gologolo ndi timawu tating'ono.

Njati anagwada pamaso pa anawo. "Mwendo wa mayi awa ndinathyola ndine. Sindingaulunge. N'chifukwa chake ndimafika woyamba pachitsime."

"Ifenso tinkaopa," anatero Mayi Nkhwali. "Ine ndinkalira. Kungoti mnzanga wapambali sanadzuke, ndiye inenso sindinadzuke." Kenaka anayang'ana m'mkuyu. "Tsika, iwe. Manyazi sachotsa matope. Khasu ilo."

Gologolo anatsika mchira ukukhwekhwereka pansi, anadutsa pakati pa ana osayang'ana aliyense, natola khasu. Anakumba mpaka dzuwa kupendeka osapuma.

Chabwino, pamenepo ndawonjezera ndekha, ndamumvera chisoni. Zoona zake anatema kasanu, matuza n'kutuluka, anakhala pansi akuuzira m'manja. Gawo lake anamutsirizira ndi Mayi Nkhwali, ndi mwendo umodzi womwewo, iye akuyang'ana.