Udzu wa Nagama

Panali munthu wina wachikulire, dzina lake Zefaniya, amene ankakhala m'mudzi wa patsinde pa phiri. Mkazi wake, Nagama, anamwalira mwezi wa Meyi, chimanga chikadali pamikukwe. Anakhala limodzi zaka makumi anayi ndi zitatu. Zefaniya anali mkamwini, koma maliro atatha abale a mkazi wake anamuuza kuti asabwerere kwawo. Akanapitira ndani? Imvi zake zonse zinamerera pamudzi pomwepo.

Kumeneko kuli mwambo wa udzu. M'mbali mwa phiri muli matsala, minda yogonera imene sikulimidwa, ndipo m'menemo mumamera udzu wofolera nyumba. Udzuwo ukatalika, usanakhwime, mayi amapita kukasankha malo ake. Amagwira nsonga za udzu zodzaza dzanja n'kumanga mfundo, amayenda pang'ono n'kumanganso ina, mpaka atazungulira malo onsewo. Palibe mpanda, palibe mlonda, koma aliyense woona mfundozo amalambalala. Womweta mkati mwa mfundo za mnzake ndi wakuba, ndipo nkhani yake imakambidwa pachitsime mpaka mvula kugwa.

Nagama anali atamanga mfundo zake mu Epulo, matenda asanamugwetse. Zefaniya sankadziwa.

Juni atafika, dziko linakongola monga limachitira nthawi yomweta. Minda inali itakololedwa, ng'ombe zikuyenda momasuka m'mapesi. Kumwamba kunalibe kamtambo ngakhale kamodzi. M'matsala udzu unali utakhwima, tsinde lachikasu, nsonga zofiirira, ndipo mwera ukawomba unkawerama wonse pamodzi n'kudzukanso pang'onopang'ono. Amayi ankamweta atandandalikana, mipango yawo yokha ikuoneka pamwamba pa udzu. Zinziri zinkabuka pafupi ndi mapazi awo, iwo n'kukuwa, kenako n'kusekana. Pamene pamwetedwa kale pankaima mitolo yotsamira pamitengo, ndipo fungo la udzu wongodulidwa kumene linkafika mpaka kumsewu. Munthu wotopa ndi moyo akadutsa pamenepo ankayenda mochedwa dala.

Denga la Zefaniya linali litadontha dzinja lonse. Tsiku lina m'mawa anatenga chikwakwa cha mkazi wake n'kukwera kutsala. Kumweta sankakudziwa bwino. Zaka zonsezo ntchito yake inali kukwera padenga ndi kufolera, uku akudandaula kuti udzu wachepa, pamene amene anaumweta ali pansi akumuponyera mitolo.

Akuyang'ana poyambira, anaona mfundo. Anaizindikira pomwepo. Nagama anali wamanzere, ndipo mfundo zake zinkapotokera mbali yosiyana ndi za anzake onse. Zefaniya anaigwira. Anapita patsogolo, anapeza ina, kenako inanso. Chikwakwa chija anachiika pansi. Kunyumba zovala za mkazi wake zinali zitagawidwa kwa abale, mbiya ndi mphasa chimodzimodzi. Koma pano panali ntchito ya manja ake, ili momwe anaisiyira, ikugwedezeka ndi mphepo. Anakhala pachulu n'kulira, kulira kumene sanalire tsiku la maliro chifukwa cha maso a anthu.

Tsiku limenelo sanamwete. Mawa lake anapitanso, sanamwete. Chinakhala chizolowezi. Ankanyamuka ndi chikwakwa ngati munthu wa ntchito, kukakhala pachulu paja, kumayang'ana udzu mpaka dzuwa kupendeka, n'kubwerera chimanjamanja. Amayi omweta ankatsinana. Wina anati, "A Zefaniya ayamba kuweta udzu. Mwina akudikira kuti uswe." Ankaseka, koma motsitsa mawu, chifukwa onse ankamumvera chisoni.

Julaye anapita. Anthu anamaliza kumweta, mitolo inatsikira kumudzi pamitu. Phiri linatsala lometedwa, kupatula malo a Nagama okha amene anaima pakati, aatali, okongola kuposa kale. Kutsidya kwa mtsinje utsi unayamba kukwera masana alionse. Osaka mbewa anali atayamba kutentha tchire. Zefaniya ankauona utsiwo. Ankadziwa kuti moto ukangowoloka, udzu wonse utha nthawi yochepa kuposa yophika tiyi. Komabe mtima unkamuuza kuti akangodula mfundo imodzi, ndiye kuti wamuikanso mkazi wake m'manda kachiwiri.

Tsiku lina ali pachulu anamva chikwakwa chikulira kumunsi kwa tsala. Anatsika kukaona. Anali Nankhoma, mayi wa kumapeto kwa mudzi, amene mwendo wake wina unapuwala ali mwana. Ankakhala yekha. Ndodo yake inali pansi, iye atakhala chotambalala, akumweta timaudzu tatifupitifupi timene ena anatisiya. Udzu wabwino unali pafupi moti akanatha kuugwira atatambasula dzanja, koma sanadutse mfundo.

"A Nankhoma, mwakwera bwanji kuno ndi mwendowo?"

"Pang'onopang'ono, bambo. Ndanyamuka kusanatenthe."

"Nanga timaudzu timeneti mufolera chiyani? Ngakhale khola la nkhunda sitingakwane."

Nankhoma anaseka pang'ono, n'kuyang'ana pansi. "Tingotseka pomwe pali pogona. Kwinako ndizitchera mabeseni."

"Zaka zonsezi mumatani?"

Mayiyo anati, "Kodi simunaone, bambo, kuti malo amene anzanga a Nagama ankamanga ndi aakulu kuposa nyumba yanu? Ankamangirako ndi wanga womwe. Chaka chilichonse ankanditulira mitolo khumi ndi iwiri kuseri kwa nyumba, inu mukadali kudimba. Ankati ndisakuuzeni, chifukwa mukangodziwa muziti udzu wachepa chifukwa cha ine." Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. "Chaka chino ndangokhala chete. Munthu ungakapemphe udzu pakhomo pamene pagwa maliro?"

Zefaniya anatembenuka n'kuyang'ana malo aja kuyambira kumunsi mpaka kumtunda. Miyezi iwiri anakhala akuwayang'ana tsiku ndi tsiku, koma ukulu wake sanauone. Anachita manyazi. Iye ankasunga udzu kuti uzimukumbutsa Nagama, pamene Nagama anausunga kuti mnzake asagone pamadzi.

Anakwera kuchulu, anatenga chikwakwa, anapita pa mfundo yoyamba ija. Anagwira udzu m'munsi mwake n'kudula. Anadulanso wina. Pofika masana zikhato zinali zitatuluka matuza, msana ukuwawa, ndipo mzere wake unali wokhotakhota moti mkazi wake akanauona akanagwira pakamwa. Amayi awiri amene ankapita kunkhuni anaima n'kumuyang'ana. Sanamufunse. Anabwerera kumudzi kukatenga zikwakwa zawo.

Anamweta masiku atatu, lachinayi n'kututa mitolo yonse. Tsiku lachisanu moto unawoloka mtsinje, unadutsa patsala paja, ndipo unangopeza ziputu.

Mtolo woyamba Zefaniya anausenza yekha, kudutsa pakhomo pake osaima, mpaka kwa Nankhoma. Anafuna kuutula pabwalo, koma anakumbukira, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba. Nankhoma anayesa kuukoka mtolowo kuti auimike, koma sunasunthe.

"Mwamanga waukulu kwambiri, bambo. Anzanga ankamanga ting'onoting'ono, kuti ndizitha kusuntha ndekha."

Zefaniya anagwada, anamasula luzi, anaugawa mtolowo pawiri n'kumanganso. "Chonchi?"

"Eya, chonchi."

"Mundiuze zonse mmene ankachitira," anatero Zefaniya. "Zikuoneka kuti ine sindinkamudziwa bwino mayi ameneyu."

Mvula yoyamba inagwa mu Novembala. Inapeza madenga awiri atsopano, onse ofoleredwa ndi dzanja limodzi.

Tsono inu amene mukundimva, ambiri a inu munaika wina amene mumamukonda, ndipo muli ndi kanthu kake kamene simufuna kuti munthu akakhudze. Sindikukudzudzulani. Lirani, khalani pachulu panu masiku amene mtima ukufuna. Koma musanakhalitse, funsani kuti munthuyo ankadyetsa ndani, ankayendera ndani, ankatulira ndani kuseri kwa nyumba inu osadziwa. Anthu amenewo alipo, ndipo sabwera kudzapempha, chifukwa akulemekeza misozi yanu. Pitani inuyo mukawafunefune mvula isanagwe.