Laimu pa Khoma la Uvuni

M'tauni ina yaing'ono munali mayi wina wophika masikono. Uvuni wake unali wa njerwa, ndipo anaumanga m'mphepete mwenimweni mwa msewu kuti fungo lizimuitanira ogula. Kuseri kwa nyumba malo analipo, koma kuseriko akanamuona ndani? Uvuniwo ndiwo unali munda wake. Ana ake ankadya ndi kuvala kuchokera pamenepo.

Tsiku lina pobwera kogula fulawa, anapeza pakhoma la uvuni atalembapo X wamkulu ndi penti yofiira. Anansi anamuuza kuti anadutsa a khonsolo, ndipo alembanso chimodzimodzi pa kanyumba ka wometa pafupi pomwepo.

Musati mayiyu sanafunse. Paja amati safunsa anadya phula, koma uyu anafunsa mpaka masilipasi kutha. Ku khonsolo, bambo woona za malonda anayang'ana laisensi yake nati, "Iyi ili bwinobwino, mayi. Gulitsani mpaka chaka chithe."

Chitseko chachiwiri chinali cha woona za misewu. "Msewu umenewo tikuukuza. Pamene pali uvuni wanupo padutsa ngalande. Phwasulani nokha, mukamange kumbuyo."

Pa chitseko chachitatu, mayi wa mapulani a tauni anachita kudabwa. "Kumeneko kuli uvuni? Paja kumeneko n'kwa nyumba zogona zokhazokha. Laisensi anakupatsani ndani?" Wamasikono uja analoza chitseko choyamba chija, ndipo wa mapulani anangopukusa mutu.

Mutu wa wamasikono uja unaima. Khonsolo ndi imodzi, denga limodzi, koma uyu akuti gulitsa, uyu akuti samuka, uyu akuti sunayenere n'kuyamba komwe. Loweruka anakumana ndi khansala wa dera lawo kumaliro, namukokera pambali. "Musadandaule, mayi anga, ine ndilipo," anatero khansala. "Za msewu umenewo akhala akunena kuyambira kalekale."

Mayankho anamuchulukira, ndipo anachita zimene inu ndi ine timachita: anasankha lokoma m'khutu. Poona kuti wometa wapaka laimu pa X wake, naye anasungunula laimu m'ndowa n'kupaka. Khoma linangoti mbee, mtima wake n'kukhala pansi. Mvula itagwa, kufiira kuja kunayamba kusuzumira pansi pa laimu. Anapakanso. Kunasuzumiranso, anapakanso. Mpaka iye mwini anayamba kukayika ngati X uja analipodi.

M'mawa wina, masikono ali m'kati, anamva kulindima. Chimakina cha msewu chinali chikubwera pang'onopang'ono, kanyumba ka wometa kali kale pansi. Mayi uja anathamanga, laisensi ili m'manja.

Dalaivala anaiyang'ana mwaulemu. "Pepani mayi, iyi ndi ya malonda, si ya malo."

"Nanga X mukumuona pati, bambo? Onani khomali!"

"Ine sindiwerenga makoma, mayi. Ndikutsata chingwe chomwe akoka anzangawa."

Mayi uja anayang'ana pansi. Chingwe chinafika pakhoma la uvuni, n'kukapitirira tsidya linalo. Dalaivalayo sanali wankhanza. Anazimitsa makina kuti mayi aphwasule yekha, apulumutse njerwa zake ndi chitseko chachitsulo. Koma mayiyo moto anali atausonkha mbandakucha. Njerwa zinali zosakhudzika, chitseko chosagwirika. Anangotulutsa mathileyi a masikono osapsa, n'kuima nawo pakati pa msewu, akuonerera uvuni wake ukukankhidwira m'dzenje la ngalande. Nkhope yake inali yomvetsa chisoni, akufunsa aliyense wodutsa, "Koma ananamiza ine ndi uti?"

Abale anga, n'zoona kuti mawu anali ambiri ndipo ankasemphana. Ngakhale ife akutisokoneza: mnzako akuti palibe vuto, wachibale akuti aliyense amachita, mtima wako ukuti nthawi ikadalipo. Koma pa mawu onsewo, amene anamuuza kuti asamuke ndi okhawo amene akanamusiyira uvuni. Anawamva bwino lomwe. Anangoona kuti laimu ndi wopepuka kusiyana ndi kunyamula njerwa.

Mulungu akaloza malo ena m'moyo mwako, sakufuna kukugwetsa. Akukupatsa mpata woti uphwasule wekha njerwa zikadali zozizira, ukamange poyenera. Kuimba m'kwaya, kuvala yunifomu ya chigwirizano, kuyankhula mofatsa pa Sabata, zonsezo n'zabwino, koma ukazipaka pamwamba pa tchimo zasanduka laimu. Zikhoza kutseka maso a mpingo, mwinanso ako omwe. Chingwe chokha sichisuntha.

Ndiye usatuluke muno kukasaka ndowa ina ya laimu. Lapa lero, uvuni usanatenthe.