Chivindikiro Choyang'ana Kumbuyo

Aliyense m'tauni mwathu muno ku Kansas akulidziwa khola lofiira la a Dwight Hostetler, lomwe lero akusungiramo udzu wa ng'ombe. Koma funsani akuluakulu akuuzeni, kale m'menemo munkatuluka ndege! Osati ndege zathunthu ayi. A Dwight ndi mnzawo wa paubwana, a Vern Kuhlmann, ankadula matabwa ndi zitsulo n'kulongedza m'mabokosi, wogula n'kukalumikiza yekha m'galaja kwawo, mkazi wake akung'ung'udza kuti galimoto ikugona panja. A Dwight ankajambula, a Vern ankayesa ndegezo poziulutsa. Chinzake chawo chinali cha ponda apa nane mpondepo.

Loweruka lililonse ogula aja ankatera ndi ndege zawo pabwalo la udzu kuseri kwa khola, mayi Marlys, akazi awo a Dwight, n'kuwakazingira zikondamoyo zopyapyala zothira manyuchi. Ali m'kati motafuna, aliyense ankanena zomwe wapeza: uyu akuti bawuti yakuti ikumasuka, uyo akuti chitseko chikulira. Kampani inakulira pakamwa pa anthu amenewa.

Ndiye kampani ina ya ku Missouri inangotulutsa ndege ya mapiko ofanana ndi awo. Ee, a Dwight chakudya chinasiya kutsika! Wina wagulitsa chinsinsi, koma ndani? Anapaka penti mazenera onse a khola. Za Loweruka anathetsa, akuti odya zikondamoyo amabwera ndi maso m'thumba. Kenako mayi Doreen a kusaluni, paja pakamwa pawo sipagona, anauza mayi Marlys kuti kuchionetsero cha ndege anthu anawaona a Vern akumwa khofi ndi bwana wa ku Missouri uja, akuseka mano onse pamtunda. Mmene nkhaniyo imafika kwa a Dwight n'kuti itamera nyanga.

Sabata yomweyo a Vern analowa m'khola atanyamula chivindikiro chatsopano cha thanki ya mafuta, chomwe a Dwight anali atangochijambula kumene.

"Amwene, ichi sindikuchikonda," anatero a Vern. "Kapaipi kopumira aka kayenera kuloza kutsogolo, kuti mphepo izikankhira mafuta ku injini. Chakale chija chinkalowa mbali imodzi yokha. Ichi chikutsekeka ngakhale utachitembenuza. Wina akadzalakwitsa, injini idzamuzimira m'mwamba."

A Dwight anawayang'ana kuchokera kunsapato mpaka kuchipewa. "Wakutuma ndani?"

"Kundituma? Ndine mwana ine?"

"Khofi wa ku Missouri ndi wokoma eti? Ukufuna tilengeze kuti ndege yathu ndi yoopsa, ogula onse athawire kwa abwenzi akowo."

"Iwe Dwight, dazi lakolo layamba kulowa m'kati. Munthu uja tinaphunzira naye limodzi kuulutsa ndege. Ndimuthawe?"

"Tenga zako uzipita."

Kunyumba mayi Marlys anayesa. "Bambo a Gail, munthu amene amakwera zinthu zanu zisanayesedwe angakufunireni zoipa?"

"Nawenso wakumwetsa khofi?" anatero a Dwight. Mayiwo anangomenyetsa poto pachitofu n'kutuluka.

A Vern anaimba foni, a Dwight anadula. A Vern anatuma ngakhale abusa, koma abusawo anabwerera pakhomo, akuti anafunsidwa ngati ali ndi achibale ku Missouri.

Manong'onong'o oti chivindikiro chatsopanocho n'choopsa atayamba kufika kwa ogula, a Dwight anaganiza zotseka anthu pakamwa. Anaitana ogula onse, ndi mtolankhani wa magazini ya za ndege, kuti adzaone ndege ya chivindikiro chatsopano ikuuluka. Woulutsa anali iwo omwe. Mafuta anathira okha, popeza sankafuna dzanja la wina lifike pandege yawo. Koma potseka thanki, manja anali pachivindikiro, maso ali pagulu la anthu, kusakasaka kazitape. Ndipo anamuonadi amene ankamufuna: a Vern, ataima pamwamba pa galimoto yawo kunja kwa mpanda.

Injini italira, a Vern anayamba kukupiza manja, akuloza thanki, akukuwa. Amene anali pafupi akuti ankati, "Chivindikiro! Chivindikiro!" A Dwight anangoti mumtima, onani nsanje, wabwera kudzandichititsa manyazi. Anayang'ana kumbali n'kunyamuka.

Ndege inakwera bwinobwino, anthu m'manja phwaphwaphwa. Itangodutsa tchalitchi, injini inatsokomola, kutsokomolanso, kenako zii. Mayi Doreen akuti anamva ngakhale ntchentche. Ndege ija inatsika ikupepesuka mpaka m'munda wa mapira, n'kugadabuka matayala m'mwamba.

Woyamba kufika anali a Vern, galimoto itathyola mpanda wa eni munda. Anawakoka a Dwight, mwendo uli lende.

"Vern, wandi…"

"Khala chete, mdala. Ukayambanso za khofi ndikubwezera momwemo."

Chivindikiro anachipeza chikuloza kumchira. Mtolankhani uja anachijambula bwinobwino, chithunzi n'kuyenda dziko lonse. Ogula anabweza mabokosi, ndipo chaka chisanathe khola linatsekedwa. Nanga mapiko a ku Missouri aja? Zinadzadziwika kuti kapangidwe kake anakatenga m'buku lakale lomwe aliyense angabwereke kulaibulale, lomwelo limene a Dwight anatengamo awo. Panalibe wakuba olo mmodzi!

Lero mukadutsa Loweruka m'mawa, muwapeza awiriwo pakhonde akudya zikondamoyo, a Dwight ndodo ili pambali. Ndege ikamadutsa m'mwamba, a Vern amaitsata ndi maso, koma a Dwight amayang'ana m'mbale. Kazitape amene a Dwight ankamusaka sanawalande kanthu poti kunalibe, pomwe munthu amene anamupirikitsa ndiye akanawasungira kampani ndi mwendo womwe. Paja akuluakulu anati, wakutsina khutu ndi mnansi.